Olemba za mpira wa NFL tiziwafunsa kuti adziwa bwanji

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa za mpira wa ku America wa mu ligi ya NFL, masewero amene kuno kwathu sadafale kwenikweni koma amene enafe timawatsatira ndi mtima wonse. Nkhani yanga ikukhudza anthu amene amalemba ndemanga za masewerowa m'manyuzipepala ndi pa intaneti, chifukwa ife okhala kutali timawadalira kuposa momwe munthu wa ku Dallas kapena ku Pittsburgh angawadalirire. Masewero akuluakulu a Lamlungu madzulo ku America amayamba kuno nthawi itadutsa 2 koloko usiku, kucha kwa Lolemba, ndipo Super Bowl, yomwe ndi ndime yotsiriza yolimbirana chikho, imayamba cha m'ma 1:30 usiku. Munthu amene akuyenera kulawirira kuntchito sangachezere sabata ndi sabata, kotero zambiri zimene timadziwa za matimu 32 a mu ligiyi timachita kuwerenga. Wolemba akatinamiza, kapena akalemba mwaulesi, bodzalo timalitenga momwe lililimo n'kumakanganirana ngati zoona.

Anzanga ambiri amene timakambirana nawo za masewerowa amayeza wolemba ndi zinthu ziwiri: kutchuka kwa dzina lake, ndiponso ngati zimene adalosera zidachitikadi. Miyeso iwiri yonseyi ine ndimaikayikira. Chimene ndimafuna kwa wolemba ndemanga n'chakuti andionetse momwe wadziwira zimene akunenazo, kaya wachita kuona yekha, kaya wawerengetsa, kaya wauzidwa ndi munthu, ndipo ngati wauzidwa, munthuyo apindula chiyani nkhaniyo ikafala. Wolemba amene amaonetsa njira imene wadzera amandipatsa mpata womutsutsa, pomwe amene amangogamula amafuna kuti ndimukhulupirire chifukwa cha dzina lake basi.

Chitsanzo chimene chimandimvekera bwino ndi cha masewero a pa 15 Novembala 2009 ku Indianapolis, pakati pa Colts ndi New England Patriots. Kwa amene sadziwa malamulo ake, timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi yoti isunthe mayadi 10, ndipo ikalephera mpirawo umaperekedwa kwa adani pamalo pomwepo. N'chifukwa chake pa mpata wachinayi matimu ambiri amangoumenya mpira ndi phazi kuti ukagwe kutali, adani akayambire chapatali. Usiku umenewo Patriots inkatsogola ndi mapointi 34 kwa 28, kutatsala mphindi ziwiri ndi masekondi 8, mpira uli pa mzere wa mayadi 28 kuchokera kugolo kwawo, ndipo pa mpata wachinayi inkasowa mayadi awiri okha. Mphunzitsi Bill Belichick adakana kumenya mpirawo kutali. Tom Brady, katswiri woponya mpira wa Patriots, adaponyera Kevin Faulk, Faulk adauwakha koma adagwetsedwa atatsala pang'onong'ono kufika pamene ankafunapo, ndipo Peyton Manning, atalandira mpira pafupi chotero ndi golo, adaitsogolera Colts kupambana ndi mapointi 35 kwa 34.

Kutacha, olemba ndi othirira ndemanga ambiri adamudzudzula Belichick koopsa, kuphatikizapo Rodney Harrison ndi Tedy Bruschi omwe adasewerapo mu timu yakeyo. Ena ankati ndi matama, ena ankati wanyoza osewera ake otchinga. Koma Brian Burke, amene kale ankayendetsa ndege zankhondo za asilikali a pamadzi a dziko la America ndipo panthawiyo ankalemba za ziwerengero za mpirawu, adachita zosiyana. Adafukula mbiri ya masewero am'mbuyo n'kuonetsa kuti matimu akayesa kusuntha mayadi awiri pa mpata wachinayi amakwanitsa pafupifupi ka 60 pa ka 100 kalikonse, ndipo kuti Patriots ikadakwanitsa masewerowo akadathera pomwepo. Atawerengetsa zonse adapeza kuti kuyesako kunkaipatsa timuyo mwayi wopambana wa 79 peresenti, pomwe kumenya mpira kutali kunkapereka 70 peresenti. Munthu atha kutsutsana ndi Burke, kunena kuti ziwerengero za ligi yonse sizingafotokoze za osewera amene adali pabwalo usiku umenewo atatopa, ndipo mkangano wotere ndi waphindu chifukwa uli ndi pogwira. Koma amene ankangoti Belichick walakwa popeza timu yagonja sadatiphunzitse kanthu kena koposa zimene zigoli zidanena kale.

Khalidwe loweruza chiganizo potengera zotsatira zake n'lofala kwambiri pakati pa olembawa. Pa 4 Febuluwale 2018, mu Super Bowl ya ku Minneapolis, mphunzitsi wa Philadelphia Eagles, Doug Pederson, nayenso adayesa pa mpata wachinayi chigawo choyamba chitatsala pang'ono kutha. Trey Burton adaponyera Nick Foles, amene ntchito yake ndi yoponya osati yowakha, mapointi adalowa, Eagles idagonjetsa Patriots ndi 41 kwa 33, ndipo Pederson adatamandidwa kuti ndi wolimba mtima. Zaka zitatu izi zisanachitike, Pete Carroll wa Seattle Seahawks adanyozedwa dziko lonse timu yake itaponya mpira yadi imodzi yokha kuchokera pagolo m'malo momupatsa Marshawn Lynch kuti athamange nawo, Malcolm Butler n'kuulanda, Patriots n'kutenga chikho ndi 28 kwa 24. Olemba ochepa okha ndiwo adafotokozera owerenga kuti padatsala masekondi 26 ndipo Seattle idali ndi mwayi umodzi wokha woimitsa wotchi, kotero kuti igwiritse ntchito mipata yake itatu yonse imene idatsala, pa umodzi mwa mipatayo inkayenera kuponya basi. Munthu angathe kunenabe kuti Carroll adasankha molakwika mtundu wa kaponyedwe, koma ayambe watiuza za wotchiyo. Ndipotu nkhani ya mpata wachinayi siyachilendo, chifukwa katswiri wa zachuma David Romer wa ku yunivesite ya California ku Berkeley adasindikiza kafukufuku mu 2006 woonetsa kuti aphunzitsi a mu NFL amachita mantha mopyola muyeso pa mpata umenewu.

Za kulosera ndinenepo mwachidule. Chaka chilichonse chakumapeto kwa Epulo matimu amasankha osewera atsopano ochokera m'makoleji pa mwambo wotchedwa draft, ndipo kukangocha olemba amakhala atapereka kale malikisi kwa timu iliyonse, osewerawo asanaponde n'komwe pabwalo. Mu 2012 ambiri adaipatsa Seattle malikisi otsika chifukwa chosankha Bruce Irvin ndi Russell Wilson, yemwe ankati ndi wamfupi kwambiri, pamodzi ndi Bobby Wagner, koma mu Febuluwale 2014 anyamata omwewo adatenga chikho atathambitsa Denver Broncos ndi 43 kwa 8. Kuphonya polosera pakokha si mlandu, popeza ngakhale akuluakulu a matimu, amene amalipidwa kuti adziwe, adasiya Tom Brady mpaka pa nambala 199 mu 2000, ndipo mu 1998 adasankha Ryan Leaf pa nambala 2 koma osapindula naye. Chimene ndimayang'ana n'chakuti wolembayo amabwereranso ku zimene adalosera kukafotokoza pamene maganizo ake adapotokera, kapena amangodumphira pa ulosi wina akuyembekeza kuti owerenga aiwala.

Pali kuphonya kwina kumene sikuchokera ku tsoka. Mu 2018 Bill Polian, mkulu wolemekezeka amene adamanga timu ya Colts ndipo panthawiyo ankathirira ndemanga pa ESPN, wailesi ya kanema ya zamasewero, adanena kuti Lamar Jackson, wosewera wachikuda, asiye udindo wa quarterback, womwe ndi wa wosewera amene amatsogolera timu ndi kuponya mpira, akakhale wowakha. Baltimore Ravens idamusankha pa nambala 32, ndipo mu 2019 onse 50 ovota adamusankha kukhala wosewera wopambana mu ligi, ulemu umene adaulandiranso mu 2023. Polian adavomera poyera kuti adalakwitsa, ndipo pamenepo adachita bwino. Komabe mawu akewo adali ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri osewera achikuda ankauzidwa kuti ali ndi liwiro koma alibe nzeru zotsogolera timu, mwakuti Warren Moon sadasankhidwe ndi timu iliyonse mu 1978, adachita kukasewera ku Edmonton m'dziko la Canada komwe adatenga zikho zisanu motsatizana asanabwere ku Houston Oilers mu 1984. Chaka ndi chaka timawerengabe mawu a anthu osatchulidwa maina, amene ntchito yawo ndi yofufuza osewera m'makoleji, akukayikira nzeru kapena khalidwe la mnyamata wakutiwakuti. Wolemba amene amasindikiza mawu otere osafunsa kuti akuchokera pati, ndiponso osamupatsa mnyamatayo mpata woyankha, amathandiza kuononga tsogolo la munthu pobisa nkhope ya womunenayo.

Wolemba amene ndimamuika patsogolo pa nkhani yoona yekha ndi Paul Zimmerman wa magazini ya Sports Illustrated, amene owerenga ankamudziwa ndi dzina loti Dr. Z. Iyeyu adasewerapo mpirawu ali ku koleji, pa mzere wa zimphona zimene zimakankhana kutsogolo kuti ziteteze woponya, ndipo atayamba kulemba sadaleke kuyang'ana pamenepo. Ankaonera masewero ali ndi pepala ndi cholembera, kulemba kasewero kalikonse, amene watchinga bwino ndi amene wagonja kwa mnzake, ndipo pofika kumapeto kwa chaka ankasankha osewera opambana kuchokera m'zolemba zakezo, ngakhale maina ena akhale osatchuka. Akati wakutiwakuti watha mphamvu, ankanena masewero amene waonera ndi zimene waonamo. Matenda opha ziwalo adamulanda mawu ndi cholembera mu 2008, ndipo adamwalira mu 2018. Ntchito imene iye ankavutika nayo pamanja lero idaphweka, chifukwa kuyambira mu 2012 ligi idalola anthu wamba kuonera kanema wotchedwa All-22, wojambulidwa kuchokera pamwamba ndipo woonetsa osewera onse 22 nthawi imodzi. Kanema wa pa wailesi amatsatira mpira, motero saonetsa ngati wowakha adalipo pamalo oyenera kapena ngati otchinga akumbuyo adasintha kaimidwe mpira utangoyamba. Wolemba amene lero akunyoza quarterback kuti waponyera adani, osanena ngati waonera kanema wapamwambayo, akutiuza zimene ifenso tikadaona tili pampando kunyumba.

Vuto lalikulu kuposa onsewa lili pa nkhani zochita kuuzidwa. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo mu NFL ambiri mwa atolankhani otchuka kwambiri ntchito yawo ndi yomverera. Mu Januwale 2015, Patriots itagonjetsa Colts ndi 45 kwa 7, kudabuka mphekesera yoti mipira yake idali yophwetsedwa dala kuti izigwirika bwino. Lamulo limati mpweya wa mumpira ukhale pakati pa mapaundi 12.5 ndi 13.5. Chris Mortensen wa ESPN, mtolankhani wodziwika ndi wolemekezeka, adalengeza kuti anthu a mu ligi amene sadawatchule amuuza kuti mipira 11 mwa 12 idapezeka yoperewera ndi mapaundi awiri. Nambala imeneyi ndi imene idayatsa moto, ndipo olemba ndemanga mazanamazana adamangapo zigamulo zawo zoti Brady ndi wakuba. Lipoti la loya Ted Wells litatuluka mu Meyi chaka chomwecho, miyeso yeniyeni idaonetsa kuti nambalayo sidali yoona, ngakhale kuti ligi, imene idali ndi miyesoyo kuyambira tsiku loyamba, sidakonze bodzalo miyezi yonseyo. Kaya Brady adalakwadi kapena ayi ndi nkhani ina, ndipo chilango chosasewera masewero anayi adachigwira mu 2016. Chimene chikundikhudza ine n'chakuti owerenga sadapatsidwe njira iliyonse yoyezera mawu a munthu wobisikayo.

Ngakhale Peter King, amene kuyambira mu 1997 mpaka pamene adapuma mu 2024 ankalemba danga lalitali Lolemba lililonse, poyamba ku Sports Illustrated kenako ku NBC, adagweramo m'dzenje lomweli. King ndimamulemekeza chifukwa ankayenda yekha m'makampu a matimu ndi kucheza ndi aphunzitsi masewero akangotha. Koma mu 2014, Ray Rice wa Ravens atamenya chibwenzi chake mu chikepe cha hotela ku Atlantic City ndipo ligi itamuletsa masewero awiri okha, King adalemba kuti akuluakulu a ligi adaonera kanema wa zimene zidachitika m'chikepemo asanagamule. Tsamba la pa intaneti la TMZ litatulutsa kanemayo pa 8 Seputembala ndipo ligi itakana kuti idamuonapo, King adavomera kuti amene adamuuzayo ankangoganizira, ndipo kuti iye sadatsimikize. Kuvomerako kumamusiyanitsa ndi ambiri, koma kukuonetsanso kuti kuyandikana ndi akuluakulu kumafooketsa mtima wofunsa kachiwiri. Za Adam Schefter wa ESPN ndiye zidapitirira apa, chifukwa mu Okutobala 2021 nyuzipepala ya Los Angeles Times idaulula kuti mu 2011, eni matimu ali pa mkangano ndi osewera pa za malipiro, iye adatumiza nkhani yonse isanasindikizidwe kwa Bruce Allen, mkulu wa timu ya ku Washington, kumufunsa ngati pali zoti zisinthidwe. Allen adali mbali imodzi ya mkanganowo, ndipo owerenga sadauzidwe.

Zonsezi zili ndi gwero lake, lomwe ndi ndalama. Mu 2021 ligi idasainirana ndi makampani a wailesi za kanema mapangano a zaka 11 a ndalama zoposa madola 100 biliyoni, ndipo makampani omwewo ndiwo amalemba ntchito ambiri mwa olemba ndi othirira ndemanga amene timawawerenga. Mu Ogasiti 2025 kudalengezedwa mgwirizano woti NFL itenge gawo la 10 peresenti la umwini wa ESPN. Sindikunena kuti aliyense wogwira ntchito kumeneko ndi wogulidwa, koma wowerenga ayenera kudziwa amene akulipira wolembayo, makamaka nkhani ikakhala yoti ligi sikuifuna.

Nkhani yotero idalipo, ndipo ndi imene ndimayezera kulimba mtima kwa wolemba. Mu 1994 ligi idakhazikitsa komiti yofufuza za kuvulala kwa ubongo, n'kuika Elliot Pellman, dokotala wa nyamakazi, kukhala wapampando, ndipo kwa zaka zambiri komitiyo inkachepetsa kuopsa kwa kugundana mitu. Mu 2002 Bennet Omalu, dokotala wobadwira ku Nigeria amene ankapima mitembo ku Pittsburgh, adapima ubongo wa Mike Webster, katswiri wakale wa Steelers amene adamwalira ali ndi zaka 50, n'kupezamo matenda oononga ubongo, obwera chifukwa chogundidwa mutu kawirikawiri, amene tsopano amadziwika kuti CTE. Atasindikiza zimene adapezazo mu 2005, madokotala a komiti ija adalemba kalata yofuna kuti zichotsedwe. Amene adaitengera nkhaniyi patsogolo sadali mmodzi wa olemba otchuka a NFL, koma Alan Schwarz wa New York Times, munthu amene adaphunzira masamu ndipo ankalemba za baseball. Adayamba mu Januwale 2007 ndi nkhani ya Andre Waters, wosewera wakale wa Eagles amene adadzipha ali ndi zaka 44, ndipo adapitiriza kulemba mpaka aphungu a nyumba ya malamulo ya dzikolo adaitanitsa akuluakulu a ligi mu 2009. Mu Ogasiti 2013 ESPN idadzichotsa pa ntchito imene inkachitira limodzi ndi pulogalamu ya Frontline ya wailesi ya PBS yofufuza nkhani yomweyi, ngakhale kuti atolankhani ake awiri, Mark Fainaru-Wada ndi Steve Fainaru, ndiwo adali patsogolo pa kafukufukuyo. Mpaka mu Malichi 2016 m'pamene mkulu wina wa ligi, Jeff Miller, adavomera poyera kuti mpirawu ndi CTE n'zogwirizana.

Muyeso womwewo ugwirenso ntchito kwa amene amatsutsa ligi. Mu 2017 gulu la Ann McKee wa ku Boston University lidalengeza kuti mwa maubongo 111 a osewera akale a NFL amene lidapima, 110 adali ndi CTE. Olemba ena adathamangira kunena kuti pafupifupi wosewera aliyense ali ndi matendawa. Wolemba wosamala adafotokoza, monga ofufuzawo adanenera okha, kuti maubongowo adaperekedwa ndi mabanja amene ambiri adali ataona kale zizindikiro mwa abale awo, kotero nambalayo ikutsimikiza kuti vutoli ndi lalikulu koma sikutiuza kuti ndi osewera angati mwa onse amene akudwala.

Pali gulu lina limene sindiliwerengera n'komwe pakati pa olemba ndemanga, la anthu amene adasandutsa mkangano kukhala malonda. Skip Bayless kale adali wolemba danga m'manyuzipepala a ku Dallas, koma mu Seputembala 2020, Dak Prescott wa Cowboys ataulula kuti adadwala matenda a nkhawa cha pa nthawi imene mchimwene wake adadzipha, Bayless adanena pa kanema kuti sakumumvera chisoni poulula zimenezo popeza ndi mtsogoleri wa timu. Ngakhale Fox Sports, imene inkamulemba ntchito, idatulutsa chikalata chosagwirizana naye.

Chimene chandikakamiza kulemba tsopano ndi kubetcha. Khothi lalikulu la ku America lidathetsa lamulo loletsa kubetcha pa masewero m'madera ambiri a dzikolo mu Meyi 2018, ndipo pofika 2021 NFL idali pa mgwirizano ndi makampani a juga a Caesars, DraftKings ndi FanDuel. Kuyambira pamenepo zolemba zambiri za maulosi a sabata zimabwera zitakutidwa ndi malonda a makampani otere, ndipo nkhani yoti wosewera wakuti wavulala imasuntha ndalama mphindi yomweyo. Achinyamata athu, amene ambiri adazolowera kale kubetcha pa lamya pa mpira wa ku England, akamawerenga ulosi wa munthu wa ku New York amauona ngati nzeru za katswiri, osadziwa kuti tsamba limene akuwerengalo limapindula iwo akabetcha.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti tsiku limene mudzaganize zoika nkhani za NFL pa tsamba lanu la masewero, monga nthawi ya Super Bowl mu Febuluwale, muzitchula dzina la amene adalemba nkhani yoyambirira ndi kampani imene amagwirira ntchito, muzitiuza ngati mawuwo achokera kwa munthu wotchulidwa dzina kapena wobisika, ndipo maulosi amene abwera limodzi ndi malonda a juga muziwasiya.

Ine wowerenga wanu,
ku Zomba